Kuwoloka mtsinje wa Congo, kuchokera ku Kinshasa mpaka kunkhalango ya Odzala

Kinshasa ndi Brazzaville ndi malikulu a mayiko awiri osiyana, koma ukaima pagombe la mzinda umodzi umaona nyumba za mzinda winawo kutsidya. Pakati pali mtsinje wa Congo basi, mlatho palibe. Ine ulendo unali wa kunkhalango ya Odzala-Kokoua, kumpoto kwa Republic of Congo, dziko limene likulu lake ndi Brazzaville, koma ndege inandisiya ku Kinshasa, likulu la Democratic Republic of Congo (DRC), ndiye kuwoloka kunali kosathawika.

Za mapepala konzeranitu musananyamuke. Visa ya DRC sigwira ntchito kutsidya, dziko lililonse limafuna yake. Ngati mudzabwererenso ku Kinshasa kukakwera ndege, pemphani yololeza kulowa kangapo. Kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever nayo isatalikire m'thumba, amaifunsa mbali zonse ziwiri.

Doko la ku Kinshasa limatchedwa Beach Ngobila, ngakhale aliyense amangoti Beach. Ndinalawirira m'mawa, chifukwa maboti sayenda usiku. Kungotsika galimoto, anyamata anali atandizinga kale, uyu wagwira chikwama, uyo akufuna pasipoti kuti akandidindire. Ambiri mwa iwo amaidziwadi ntchito, ndipo ngati Chifalansa kapena Chilingala chimakuvutani, mmodzi mumufuna ndithu. Ndinasankha mmodzi, tinapangana mtengo tisanasunthe phazi, koma kulikonse kumene pasipoti inapita nanenso ndinali komweko. Kenako ndi mzere pambuyo pa mzere: tikiti ya boti lothamanga lija amati canot rapide, kulembetsa dzina papepala la okwera, ndalama ya doko, kuonetsa katundu, chidindo chotulukira. Tengani madola ang'onoang'ono komanso atsopano. La pepala long'ambika pang'ono chabe amakubwezerani. Paliponse pamene ndalipira ndinkapempha lisiti, modekha koma osatopa.

Kudikira kunadya m'mawa wonse, pomwe kuwoloka kwenikweniko sikukwana n'komwe theka la ola. Madzi ndi ofiirira, amphamvu, atasenza namasupuni wopita kumunsi. Kumtunda mtsinje umatambalala n'kukhala dziwe lalikulu la Malebo, pomwe kumunsi kumayamba mathithi a Livingstone, amene sitima singadutse. N'chifukwa chake mizinda iwiriyi inakula pamenepa: katundu wochokera mkati mwa dziko ankatsitsidwa apa n'kukwezedwa pa njanji. Njanji ya pakati pa Kinshasa ndi doko la Matadi inatha kumangidwa mu 1898, ya pakati pa Brazzaville ndi doko la Pointe-Noire mu 1934.

Brazzaville ndi mzinda wofatsa ukauyerekeza ndi mnzakewo, matakisi ake obiriwira. Kuno dola sayenda ngati ku Kinshasa, ndalama yake ndi CFA franc, choncho ndinasinthiratu zokwanira ndisanalowere kumpoto. Ndinadyanso saka-saka, yemwe ndi chigwada yemweyu koma wothira mafuta a kanjedza, ndi kwanga wa chinangwa wokulunga m'masamba.

Amene ali ndi thumba lonona amapita ku Odzala pa kandege. Ine ndinatsata msewu wa N2, kudutsa Oyo ndi Owando mpaka ku Makoua, pamene pamadutsa equator, kenako kukhotera ku Etoumbi ndi Mbomo. Ndi ulendo wotopetsa, ndipo galimoto yokutengani chakumapetoko muipangane musanachoke mumzinda.

Odzala inakhazikitsidwa ngati malo otetezera nyama mu 1935, ndipo kuyambira 2010 imayendetsedwa ndi a bungwe la African Parks, omwewa a ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Chimene anthu amadzera kuno makamaka ndi ma gorilla, ndipo malamulo ake sanyengerera. Uli ndi chimfine, sulowa m'tchire. Ukawayandikira umavala masiki, umaima mamita 7 kutali, ndipo ola likakwana mumabwerera ngakhale mtima usakufuna. Poyamba zimaoneka ngati nkhanza kwa munthu amene walipira zambiri, koma matenda athu amawagwira, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Ebola inapha masauzande a nyamazi m'dera lomweli. Ine ndikuti akuchita bwino kuumitsa.

Wolondola mapazi ankatsogola mbandakucha, akudula masamba ndi kasizasi m'malo mwa chikwanje kuti asachite phokoso. Ankaima, kutola phesi lotafunidwa, kulinunkhiza, n'kuloza ndi chibwano kumene tilowere. Choyamba kumveka chinali fungo, kenako nthambi kuthyoka pamwamba pathu, ndiyeno mwana wa gorilla akutsetsereka pamtengo, bambo wake wamsana wotuwa ali phee pansi. Timanjuchi tokonda thukuta tinkalowa m'maso ndi m'makutu, moti kaneti kakumutu ndi kofunika kuposa kamera.

Njovu ndi njati za m'nkhalango zimaoneka m'madambo otchedwa bai, kumene zimadzera mchere wa m'nthaka. Kumeneko mumayenda m'madzi ofika m'chiuno, ndiye tengani nsapato zouma msanga, foni muikulunge m'pulasitiki, ndipo mankhwala oteteza malungo muyambe kumwa musanafike.