Penti wofiira pakhoma la kunjira ya kuchigayo

Ntchito yanga ndi kulemba zikwangwani. Magolosale, masaluni, zigayo, kumbuyo kwa minibasi, bola pakhale khoma kapena lata. Ya sabata yathayi inali ina. Bungwe lina linamanga kachipinda kosinthiramo atsikana pasukulu ina ya pulaimale m'boma la Dedza, ndipo linkafuna chithunzi pakhoma lake pasanafike pa 28 May, tsiku lokumbukira ukhondo wa nthawi ya msambo. Ndikuganiza kuti anandisankha chifukwa amayi ogwira burashi kuno ndife owerengeka.

Ndinafika Lolemba ndi zitini zisanu, makwerero obwereka, ndi chithunzi chomwe a kuofesi ananditumizira pa WhatsApp: mtsikana akumwetulira, maluwa mbali zonse, pakati dontho lalikulu labuluu. Labuluu! Ndinakumbuka otsatsa mapadi pa TV, omwe amathira timadzi tabuluu ngati akuchapa yunifomu. Ngakhale ku Britain zinatenga mpaka 2017 kuti kampani ya Bodyform ionetse zofiira. Ndinaimba foni kupempha kuti ndimve kaye kwa eni chipindacho. Anavomera monyinyirika. Tsikulo linathera kupala khoma ndi kupaka penti woyera, kamphepo ka ku Dedza kakundiluma zala.

Lachiwiri madamu a Life Skills anandisonkhanitsira atsikana a Sitandade 7 ndi 8. Ndinagawa mapepala, makala ndi makrayoni. "Jambulani tsiku lomwe munali kumwezi muli kusukulu kuno." Zii. Kenako tiphwete, wina kubisa nkhope m'juzi ya mnzake. Ndinaona kuti ndikapanda kuyamba ine tiweruka mapepala ali mbee, ndiye ndinawauza za ine ndili Fomu 1, momwe ndinakhalira pabenchi kuchokera buleki mpaka kuweruka, kudikira kuti kalasi yonse ituluke, kenako kuyenda chokhotakhota kope lili kumbuyo. Anaseka kwambiri, koma mitu inawerama pamapepala.

Zomwe zinatuluka sindikanazipeka ndekha. Ambiri anajambula juzi yomangidwa m'chiuno. Wina anajambula kalasi yopanda anthu, madesiki ali mizeremizere, kamunthu kamodzi pakona. Wina nyanda yoyanikidwa kuseri kwa chitseko m'nyumba yamdima, kunja dzuwa lalikulu lodzaza theka la pepala, likungowala pachabe. Chomwe chinandigwira mtima ndi cha mphika wa ndiwo: mtsikana waima manja kumbuyo, kamng'ono kake kakuthira mchere. Ife tonse tinakula nazo zimenezi, zoti amene akusamba akathira mchere adwalitsa anthu mdulo, koma kuziona papepala, manja aja ali kumbuyo ngati wogwidwa ndi mlandu, zinandikhala pena pake.

Ola lathunthu palibe anatchula mawu akuti magazi. Ndili kumwezi, ndikusamba, ndinakula chaka chatha, basi. Makrayoni ofiira anatsala osongoka m'bokosi, mpaka kamtsikana kena kochepa thupi, kokhala kumbuyo kwenikweni, kanatenga limodzi n'kulikanikiza pasiketi ya munthu wake mpaka linathyoka.

Za mapadi zinabwera zokha. Boma linachotsa msonkho pa mapadi mu 2022, koma kugolosale mtengo sumva zimenezo, ndipo ambiri mwa iwo amadalira ochapa, omwe amayi a mother group amasoka pasukulu pomwepo.

Lachitatu m'mawa ndinajambula ndi choko pakhoma lakunja. Mtsikana wafulatira, akulemba masamu pabolodi, pasiketi pali banga, mnzake waima pambali osaseka. Ndisanatsegule chitini, ahedi anatulukira. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, apa pakhala mtundu wanji?"

"Wofiira, ahedi."

"Dikirani kaye."

Pofika masana tinali pansi pa mtengo: ahedi, apampando a komiti ya sukulu, amayi a mother group, ndi agogo ena omwe ndinauzidwa kuti ndi anamkungwi a m'mudzimo. Abambo awiri aja anangoti khomalo layang'ana kunjira, makolo adzati sukulu ikulaula. Anandipanikiza ndi agogo.

"Mwanawe, unavinidwa iwe?"

"Eya, agogo."

"Nanga anakuuza ndani kuti za kumwezi amayanika pamsewu?"

Ndinaganiza kuti ndili ndi yankho. Ndinawakumbutsa za Chongoni, m'boma lomweli, komwe kuli malo 127 a zojambula pamiyala omwe UNESCO inawazindikira mu 2006. Zina mwa zithunzi zoyera kumeneko n'zokhudza chinamwali. Ndinati makolo athu ankaphunzitsa anamwali ndi zithunzi kalekale, ine sindinabweretse zachilendo. Agogo sanaphethire n'komwe.

"Zija zili kuphiri, m'mapanga. Lakoli lili panjira ya kuchigayo."

Ndinasowa chonena. Ankanena zoona.

Anatipulumutsa ndi kachibangili komwe a bungwe anandipatsa, ka mikanda 28, isanu yofiira. Agogo anandigwira dzanja n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndinafotokoza kuti ndi chizindikiro cha tsikuli, lomwe linayamba mu 2014: 28 ndi masiku omwe amayi ambiri amawerenga kuchokera msambo wina kufika wina, ndipo isanu ndi masiku osamba, n'chifukwa chake anasankha pa 28 mwezi wachisanu. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, amayi ena n'kumagwirana mapewa.

"Ndiye mkanda wofiira inu mwaudziwa dzulo?"

Ankanena za mkanda womwe mayi wapabanja amapachika kuchipinda kuti bambo adziwe popanda kuuzidwa, ndipo akatha amaikapo woyera. Abambo awiri aja anayang'ana nsapato zawo. Chigamulo chinatuluka pomwepo: kunja kukhale atsikana awiri atazunguliridwa ndi mikanda 28, wodziwa adziwe, ndipo siketi ya banga ikajambulidwe m'kati mwa kachipinda.

Ndinene zoona, usiku umenewo ndinagona ndi mtima wa uwiri. Mkanda ndi chinenero chokongola, komanso chathuchathu, koma ntchito yake ndi yoti pakamwa pasatuluke mawu. Mnyamata amene amakuwiza mtsikana saseka mikanda ayi, amaseka banga. Kuika banga m'kati, momwe mumalowa atsikana okhaokha, kunali ngati kuuza wodwala dzino kuti dzino limapweteka. Komabe sindingawatenge agogo aja ngati adani. Madamu anandiuza kuti mtsikana akasiya sukulu chifukwa cha manyazi, amene amakamutenga kunyumba ndi iwo omwewo. Ine Loweruka ndikwera minibasi, iwo atsala.

Lachinayi inali ntchito basi. Ndinayamba ndi m'kati. Penti wofiira wa m'chitini anali wowala ngati tomato, ndipo atsikana omwe ankandigwirira makwerero anakana. "Sakhala choncho, anti, amaderako." Ndinadonthezamo wakuda pang'onopang'ono, iwo akuyang'ana m'chitini ngati alawa ndiwo, mpaka onse anati eya, ndi ameneyo. Pa zaka zonse zomwe ndasakaniza penti, sindinapezepo makasitomala odziwa mtundu womwe akufuna ngati amenewa. Kunja anyamata anaunjikana. Mmodzi anawerenga mikanda mokweza, n'kufunsa chifukwa chake isanu yasiyana ndi inzake. Madamu anamuyankha pomwepo osatsitsa mawu, natchula magazi. Ena anathawa akuseka. Iye anatsala, nawerenganso.

Lachisanu ndinamaliza nkhope ndi nsapato, n'kupita kumjigo kukasamba m'manja, chitini chofiira chija ndachisiya chosatseka. Pobwera ndinapeza pasiketi ya mtsikana wakumanzere, pakhoma lakunja lomwe lija, pali kadontho kofiira kakakulu ngati ndalama yachitsulo. Mizere ya chala inkaoneka bwinobwino. Atsikana onse anali kutali, akusesa mwakhama lomwe sindinalione sabata yonse, ndipo kochepa thupi kaja kanali katapisa dzanja lamanja m'juzi.

Ahedi anabwera kudzayendera ntchito asanasaine pepala langa la malipiro. Anayamba ndi mikanda, anatsika ndi maso, n'kuima.

"Apa bwanji, mayi?"

"Penti wadontha, ahedi."

"Mufufuta?"

"Palafini wanditha."

Anayang'ana kadonthoko, anayang'ana botolo la palafini lomwe linali poyera pafupi ndi phazi langa, lodzaza theka. Kenako anatulutsa cholembera m'thumba la jekete n'kundifunsa kuti asaine pati.