Lachiwiri, tsiku la jakisoni wa achimwene

Kwacha ndi dzuwa la Okutobala, lija lakuno ku Salima loti ngakhale pamthunzi wa mango umatuluka thukuta. Pofika 6 koloko tinali titakwera kale kabaza kupita kuchipatala, chifukwa achimwene amabayitsa kamodzi pamwezi. Papita zaka 7 chitiuzireni adokotala kuti matenda awo ndi schizophrenia, matenda a maganizo. Anayamba ali ndi zaka 23, msinkhu umene matendawa amakonda kugwira anyamata.

Pobwerera tinatsikira pa Kamuzu Road kuti ndigule usipa ndi tomato. Chapafupi panali kanyumba ka vidiyo, sipika ili panja. Inali filimu ya ku Nigeria: munthu wakhwimira chuma, walakwitsa chizimba, ndiye wapenga. Akutola zakudya kudzala, tsitsi lili nyankhalala, kenako akuthamangitsa amayi pamsika ndi chikwanje. Womasulira uja akuthira ndemanga, ana ali pakhomo akufa nazo nseko. Achimwene anangowerama, n'kugwiritsa jumbo ya tomato ija. Mtima unandiwawa mpaka kufika kunyumba.

Mafilimu amadziwa wodwala wa mtundu umodzi basi: wachikwanje, wolodzedwa, woseketsa. Azungu nawonso amasokoneza. Mu 2000 kunatuluka filimu ya Me, Myself & Irene, momwe Jim Carrey ali anthu awiri m'thupi limodzi, ndipo akuti imeneyo ndi schizophrenia. Si choncho ayi. Pamene dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, ankapereka dzinali mu 1908, ankanena za maganizo, zomva mumtima ndi zochita zimene zasiya kulumikizana, osati munthu wogawika pawiri.

Zimene ine ndinaona m'nyumba mwathu zinabwera mwakachetechete. Achimwene ankapita ku Senga Bay kukaoda nsomba, tsiku lina anangosiya. Anatseka mawindo ndi masaka, akuti anthu akuwasuzumira. Wailesi ikamalankhula, ankati ikunena za iwo. Kenako kunabwera kukhala chete: miyezi yathunthu ali pampando, osasamba, osaseka, nsima kuzizira m'mbale. Ndani angapange filimu ya munthu wongokhala? Koma kwa ife mbali yopweteka kwambiri inali imeneyo. Sanamenyepo munthu. Iwo ndi amene anagendedwapo miyala, iwo ndi amene anamangidwapo zingwe pamene achibale ena anawatengera kumapemphero. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse ali ndi matendawa. Ndikaganizira kuchuluka kwa anthu pamsika paja, ndimadziwa kuti si achimwene okha amene anawerama.

Madzulo mphwanga anabwera ndi laputopu, magetsi alipo, ndiye tinaika A Beautiful Mind, ya 2001, momwe Russell Crowe akusewera ngati John Nash, katswiri wa masamu amene analandira mphoto ya Nobel mu 1994. Ndinawafunsa kaye achimwene ngati angakonde kuonera. Anati, "Ikani tione."

Filimuyi ndimailemekeza, chifukwa wodwala wake ndi munthu: ali ndi mkazi, ali ndi ntchito, amakalamba. Komabe nayonso inakometsera. Imaonetsa Nash akuona anthu amene kulibe, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, kamtsikana, ndi kazitape wa boma. Nash weniweniyo ankamva mawu ndi kukhulupirira zinthu zosaona, ndipo odwala ambiri amatero. Kumva n'kovuta kujambula, ndiye opanga filimu anawapatsa nkhope mawuwo. Pali chinanso chimene sindinawauze achimwene: mufilimu Nash akuti akumwa mankhwala atsopano, pomwe weniweniyo anasiya mankhwala cha mu 1970. Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndalakwa kubisa. Koma ndikukumbukira chaka chimene iwo analumpha jakisoni miyezi itatu, masaka aja anabwereranso pamawindo.

Itatha, tinakhala pakhonde, kamphepo kakuchokera kunyanja. Amayi anali atagona kale. Ndinafunsa, "Achimwene, zikufanana ndi zanu?"

Anakhala kaye chete, monga amachitira. Kenako anati, "Ine sindiwaona. Ndimangowamva. Amakhala chakumbuyo kuno," akuloza kuseri kwa khutu lamanzere. "Masiku ano amalankhula motsitsa, ngati wailesi ya kwa aneba."

Zaka zonsezi sanandiuzepo mbali imene mawuwo amachokera. Ndinawafunsa ngati ija ya pa Kamuzu Road inawakhumudwitsa. Anati chimene chinawapweteka si filimuyo, koma kuti pakati pa ana aja panali kamnyamata kamene amakakonzera njinga.

Dzanja lawo likunjenjemera pang'ono, zimachitika ndi mankhwalawa, ndawalembera papepala kuti tikawauze anamwino mwezi wamawa. Andiuza kuti ndiwadzutse 5 koloko, akufuna akathirire mpiru kudimba dzuwa lisanakwere.