Komiti yatsopano yalowa, ine ndatula

Abale anga, dzulo ndapereka mafayilo onse a bungwe lathu la madokotala a ubongo ndi maganizo kwa atsogoleri atsopano. Ndikulemba izi miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, thupi lonse likuwawa koma tulo palibe, nde ndati bola ndithokoze pompano mtima udakali wotentha.

Mukudziwa kale mmene zinalili. Chisankho chinalephereka kawiri, koyamba ndalama ya holo inasowa, kachiwiri anthu anagona pa mzere wa mafuta, ndipo ine amene munandisankha ngati sekilitale ndinapezeka ndine tcheya, ndine msungichuma, ndine wotumiza mauthenga, pomwe kiliniki yanga ya khunyu ya Lachiwiri siidikira munthu. Ambuye yekha ndi amene akudziwa.

Koma Mayi Matron. Eee, Mayi Matron! Munthu anapuma ntchito kalekale, akanatha kukhala kunyumba kumasewera ndi adzukulu, koma anatenga kope lawo lachikuto cholimba lija lomwe muli mayina a mamembala, nkuyamba kuimbira mmodzimmodzi ndi mayunitsi awo. Usiku umene ndinalemba kalata yotula udindo ndinawatumizira iwo kaye kuti aone, anangondiimbira nkuti, "Adokotala mwana wanga, odwala anu mumawauza kuti asasiyire mankhwala panjira, nde inuyo mukufuna kutani?" Ndinafufuta kalatayo ndikulira. Dzulo magetsi atazima pakati powerenga mavoti, ndi iwo anagwira tochi ya foni mpaka pepala lomaliza, dzanja likunjenjemera koma osatsitsa.

Zikomo anzanga a ku Zomba Mental, a St John of God amene munanyamuka ku Mzuzu usiku pa basi, a ku Bwaila, a ku Queens, ndi ana athu a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amene munanyamula mipando popanda kufunsa za alawansi. Ena aja ongowerenga pa gulupu ya WhatsApp osayankha chaka chathunthu, dzulo ndinakuonani mwafika nthawi ya chakudya, mwavala bwino ndithu. Palibe kanthu, Mulungu akudalitseni nanunso.

Chomwe chandisangalatsa nchakuti tcheya watsopano ndi wa matenda a maganizo, wachiwiri wake ndi wa ubongo ndi mitsempha. Tinkakangana ngati ndife mitundu iwiri pomwe wodwala ndi mmodzi yemweyo. Mwana wapulumuka malungo a mu ubongo, patapita miyezi wayamba kugwa, kusukulu sakugwira kanthu, wayamba ukali, amayi ake apita naye kaye kwa asing'anga chifukwa apongozi akuti nzaufiti, pofika kwa ife wapsa kale mkono pamoto. Ameneyo ngwa ndani? Ngwa tonse. Akufunika mankhwala a khunyu, phenobarbitone kapena carbamazepine, osadukiza, komanso munthu woti akhale pansi ndi banja lake nkulifotokozera kuti khunyu sapatsirana.

A tcheya, ntchito ndakusiyirani yambiri, pepani. Tonsefe tinaphunzira ntchito pansi pa lamulo la matenda a maganizo la 1948 lomwe anasiya atsamunda, ndipo ndaona ndi maso anga mnyamata wofuna kudzipha akufikira ku polisi asanaone dokotala. Nkhani imeneyo musaiike pansi. Komanso 10 October sikutali, tsiku la thanzi la maganizo lisatipeze tikuthamanga ngati chaka chatha.

Kunyumba, bambo a ana, zikomo pophika nsima masiku onse aja ndinkafika ana atagona. Yamadzimadzi koma tinadya.

Mayi Matron, ndabwereranso kwa inu, sindikudziwa kuti ndingakulipireni chani. Ambuye akuwonjezereni masiku, mawondo awo apole. Fulasiki yanu ya tiyi yatsala m'galimoto mwanga pamodzi ndi chidindo cha bungwe, chidindocho ndikasiya kwa a sekilitale atsopano Lolemba, fulasikiyo ndibweretsa ndekha Loweruka, musaphike ndibwera ndi nkhuku.