Za sipika ija, ndinene ndekha

Ndaona pa gulupu ya banja mwayamba kale kunditchula kuti "Injiniya wa ku Memphis", ndiye bola ndifotokoze ndekha musanaonjezere mchere. Choyamba, sipika ija inali ndi kamng'alu kale. Zimenezo zilembedwe.

Tinali pakhonde kwa amalume Loweruka tikuyesa zoimbira za chinkhoswe cha mawa lake, amalume n'kuika nyimbo ya Elvis Presley n'kunena kuti uyu ndi amene anayambitsa rock and roll, 1954, nkhani yatha. Ine ndikanangoti eya amalume n'kupitiriza Fanta wanga, koma vuto mu botolomo simunali Fanta. Ndinati pepanitu amalume, That's All Right imene Elvis anajambula chaka chimenecho mwini wake ndi Arthur Crudup, anaiimba 1946. Hound Dog nayo Big Mama Thornton anaijambula 1952 Elvis adakali mwana wa sukulu. Nanga Sister Rosetta Tharpe, mayi wa nyimbo za tchalitchi amene ankakwapula gitala ya magetsi anyamata onsewa asanamere ndevu?

Amalume anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe unabadwa liti?" Ndinati 1989. Anati, "Ndiye khala chete."

Apa mpamene satana anandinong'oneza za Rocket 88. Ndinawauza kuti ambiri amati nyimbo yoyamba ya rock and roll ndi imeneyo, 1951, gulu la Ike Turner, woimba Jackie Brenston, mu situdiyo ya Sam Phillips ku Memphis, yomweyo imene Elvis anadzajambuliramo. Amati ampu ya woimba gitala, Willie Kizart, inaonongeka pa ulendo wochokera ku Mississippi, iwo n'kufwatikamo mapepala, gitala n'kuyamba kulira mosasa mawu, Phillips n'kuti zisiyeni choncho zikukoma. Amalume anati bodza, pepala silingaimbe. Ndinati dikirani muone.

Abale, ndinatsegula sipika ndi mpeni wodulira tomato. Ndinafwatikamo nyuzipepala ziwiri, katoni ya sopo, ndi kapepala kena kamene kanali patebulo. Mphwanga analumikiza gitala yake, ine voliyumu mpaka kumapeto, n'kumuuza menya.

Phokoso limene linatuluka pamenepo sindidzaliiwala. Ganizirani mbuzi yatsekeredwa mu mgolo, mgolowo uli pa njinga ya moto, njingayo ikukwera Zomba ilibe mafuta. Nkhuku zinathawira kwa aneba, galu analowa kunsi kwa galimoto, azakhali anatuluka m'khichini ndi mthiko m'manja akufunsa kuti wagundidwa ndani. Koma ine ndikulumbira, masekondi atatu oyambirira aja inali rock and roll yeniyeni, ya 1951, ndinamva tsitsi kuimirira, ndinatseka maso, ndinakweza chala m'mwamba ngati mlaliki, ndinafika potembenukira amalume n'kukuwa kuti "MWAMVA?"

Kenako phuu. Kautsi kabuluu, fungo la waya wopsa, zii.

Amalume anaimirira pang'onopang'ono, n'kusuzumira mu sipikamo, n'kusolola kapepala kakupsa theka. Unali mndandanda wa anthu amene analonjeza ndalama za chinkhoswe. Maina anatsala, manambala onse anapsa. Mpaka lero pali ena akulumbira kuti analonjeza K2,000 pomwe tonse tinamva K20,000.

Sipikanso sinali ya amalume ayi, anabwereka kwa akwaya. Chinkhoswe tinavina ndi ka Bluetooth kamphwanga kokhala ngati sopo, perekaniperekani anthu akumva nyimbo mosinthana.

Komabe, mwa nonse mukusekanu palibe amene watsutsa zaka ndinatchula zija. Palibe. Amalume okha ndi amene anandiyankha madzulo ake, akupinda mawaya osandiyang'ana n'komwe, anati "Elvis sanaotchepo sipika ya tchalitchi."

Akwaya ndikuwalipira pang'onopang'ono, kwatsala miyezi inayi. Amene ali ndi nambala ya munthu wokonza masipika anditumizire ku inbox, osati pa gulupu.