Setifiketi ya DST itatha nthawi

Pa 30 Seputembala 2021, setifiketi ya DST Root CA X3, chikalata cha pakompyuta chomwe makina ankadalira potsimikizira kuti webusaiti ndi yeniyeni, inatha nthawi yake. Maseva athu akale a OpenSSL 1.0.2 (pulogalamu yoteteza kulumikizana pa intaneti) anangoyamba kukana mawebusaiti odalira Let's Encrypt, bungwe lopereka masetifiketi, ngakhale setifiketi yatsopano, ISRG Root X1, inali kale m'makinamo. Deployment, ntchito yoika mapulogalamu athu pa maseva, inaima.

Mnzanga anati tingoika curl -k, lamulo lokoka mafayilo osayang'ana setifiketi, kuti ntchito iyende. Ndinakana kwamtuwagalu. Kutero n'kulola aliyense kusintha mafayilo athu ali m'njira, ndipo -k ikangolowa mu script (fayilo ya malamulo a kompyuta), palibenso amakumbukira kuichotsa.

Tinatsegula /etc/ca-certificates.conf, fayilo ya mndandanda wa masetifiketi odalirika, tinaika ! kumayambiriro kwa mzere wa DST kuti isadaliridwenso, n'kuyendetsa update-ca-certificates kuti kusinthako kugwire ntchito. OpenSSL inasiya kutsata setifiketi yakufayo, deployment inadutsa. Kenako tinayamba kusamutsira masevawo ku OpenSSL 1.1.1.