Masiku atatu pa boda chifukwa cha liwu limodzi pa invoice

Katundu wanga watuluka Lachisanu, koma mtima ukadawawabe. Makatoni 9 a zovala za thonje zimene ndinakaoda ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, anagona pa boda masiku atatu chifukwa wogulitsa analemba liwu limodzi pa invoice (pepala losonyeza katundu ndi mtengo wake), "clothes". Ejenti wanga, wothandiza kutulutsa katundu ku kasitomu, naye sanatsegule katoni ngakhale imodzi. Anangotola nambala ya matisheti, 6109.10, n'kuunjikapo katundu yense.

Za TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ndi kupeza ejenti sindinenapo, aliyense wa geni amadziwa. Chimene ine sindinkadziwa n'chakuti kwa a kasitomu chovala chilichonse chili ndi nambala yake, ija amati HS code. Zovala zoluka, za nsalu yotamuka, zili m'mutu 61 wa mndandanda wa manambalawo. Zowomba, monga malaya a suti, zili m'mutu 62. Bwana amene anasecha katunduyo anatenga tisheti imodzi, kuikoka ndi zala pakuwala, n'kundionetsa timaluko tating'ono tolowana mizeremizere. "Mayi, iyi ndi yoluka, nambala yake ndi yoona. Nanga izi?" Anali atanyamula magofu a kolala ndi mabatani atatu. Amenewo, akakhala aamuna, ndi 6105.10. Majuzi ndi 6110.20. Tizovala ta makanda, ta mwana wosapitirira masentimita 86 kutalika, tili ndi pake, 6111.20.

Ndiye muuzeni wogulitsa alembe mtundu uliwonse pamzere wake, kuchuluka kwake ndi nsalu yake.

Tsiku lachiwiri ndi limene linandiwawa kwambiri. Mapepala anayenera kukonzedwa, ndipo wokonza ndi ejenti. Mmawa anati, "Mayi, dikirani pang'ono, netiweki yavuta." Pofika 10 koloko foni yake inali yothima. Ndinakhala pabenchi dzuwa likuswa mtengo, ndikuwerengera ndalama ya malo ogona ndi yosungitsira katundu, uku makasitomala ku Mzuzu akuimba. Ejenti uja anatulukira cha m'ma 4. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, ndinakulipirani kuti mutani?" Anangoyang'ana pansi.

Ndaiwala za malebulo. Katoni imodzi wogulitsa anandiuza kuti ndi thonje lokhalokha, koma kalebulo ka m'mbali kanalembedwa 65% polyester, 35% cotton. Ulusi wolemera kuposa unzake ndi umene umatsogolera nambala, choncho matisheti amenewo anachoka pa 6109.10 kupita pa 6109.90. Werengani malebulo muli m'sitolo momwemo, makatoni asanamatidwe.

Ndinaphunziranso kuti mabatani amanena mwini chovala: chotsekera kumanzere pamwamba pa kumanja amachiwerengera kuti n'chachimuna, ndipo chosadziwika mwini wake chimapita kwa akazi. Komanso tisheti ikakhala ndi chingwe kapena mphira yomanga m'munsi, pa 6109 siikhalapo. Ndipo musalole wina akunyengeni kuti mulembe 6309, imeneyo ndi ya kaunjika, zatsopano zikapezeka pamenepo mlandu ndi wanu.

Tsiku lachitatu tinawerenga chimodzichimodzi, katoni ndi katoni, ine nditagwada pasimenti ndi kope m'manja. Mizere inakhala 5 m'malo mwa umodzi, ndinalipira msonkho ndi VAT, katundu n'kutuluka. Oda ya mwezi wamawa ndamutumizira kale wogulitsa pa WhatsApp mmene alembere, mtundu, kuchuluka, nsalu, mzere ndi mzere. Ejenti uja ndamusiya.