Klorini akafika pamwamba pa chitsulo

Ambiri mu Blantyre muno klorini timamudziwa ngati mankhwala othira m'madzi akumwa, makamaka nthawi ya kolera, ndipo ayodini timamudziwira pa mchere wa m'mapaketi. Awiriwa ndi a banja limodzi ndi fulorini ndi bromini, banja la mahalojeni, limene lili pa gulu 17 m'ndandanda wa maelementi. Atomu iliyonse ya m'banjali ili ndi maelekitironi 7 kunja kwake, motero imaperewera imodzi yokha kuti ikhazikike, pamene chitsulo chili ndi maelekitironi ambiri oyendayenda amene sichiwaumira.

Mpweya wa klorini umayenda maatomu awiriawiri. Ukafika pa mkuwa wopanda litsiro lililonse, awiriwo amalekana, ndipo iliyonse imatsikira m'kadzenje ka pakati pa maatomu atatu kapena anayi a mkuwa, kumene imagwirana ndi onsewo nthawi imodzi. Popeza iliyonse yakokako gawo la elekitironi, zonse zimakhala ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi, choncho zimakankhana ndipo sizilola kuyandikana. Pamene maatomu a mkuwa andandalikana anayianayi, klorini amadzaza theka lokha la maenjewo, ngati bawo limene mwaika mwala m'dzenje limodzi n'kulumpha lotsatira. Zimenezi si zongoganizira ayi. Mu 1927 Clinton Davisson ndi Lester Germer anaona mmene maelekitironi amanjanjira pa nikeli, ndipo njira yawoyo ndiyo inadzathandiza kuzindikira mandandandawa. Kenaka mu 1981 Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer, ku Zurich, anapanga makina otha kuonetsa atomu imodziimodzi.

Mahalojeni sagwira mofanana. Fulorini, amene ndi wamng'ono, amalanda elekitironi pafupifupi yonse, pamene ayodini, amene ndi wamkulu, amangogawana nayo ndi chitsulo.

Chimene ine ndimachiona chofunika koposa ndi zochitika maatomu oyambawo akadzaza pamwamba pa chitsulo, chifukwa anthu amafulumira kunena kuti mahalojeni amadya chitsulo, pamene zoona zake n'zakuti zimatengera ngati chopangikacho chikhalapo kapena chichoka. Fulorini ndi waukali kuposa onse, komabe akagwira nikeli amapanga khungu lolimba limene limatseka njira, ndipo n'chifukwa chake mpweya wake amausunga m'ziwiya za nikeli kapena Monel, chitsulo chosakaniza nikeli ndi mkuwa. Klorini akagwira aluminiyamu wopanda chomutchinga, chopangikacho sichichedwa kusanduka nthunzi n'kuchoka, kusiya chitsulo pamtetete kuti chidyedwenso. Opanga tizipangizo ta m'makompyuta amapezerapo mwayi pa khalidweli pojambula timizere ta aluminiyamu. Ndipo m'mafakitale opanga ethylene oxide, mankhwala amene amapangika mpweya wa ethylene ukagwirana ndi okosijeni pamwamba pa siliva, klorini wochepetsetsa amamuthira dala kuti akhale pa siliva, pofuna kuti ethylene wambiri asangopsa pachabe.

Kukhitchini nkhani imasintha pang'ono, pakuti klorini wa mu mchere analandira kale elekitironi yake ndipo amayandama m'madzi. Chitsulo chosachita dzimbiri chimakhala ndi kromiyamu wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse, amene amagwirana ndi okosijeni n'kupanga khungu lopyapyala kwambiri, la mananomita ochepa chabe (nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). Klorini wa m'madzi amalimbirana malo ndi okosijeni pa khungulo, ndipo akapeza pofooka amaboola. M'kabowomo madzi amasanduka asidi, asidiyo amaletsa khungu kuti lisabwerere, chitsulo chosungunuka chimakoka klorini wina, ndipo kabowoko kamapitirira kulowa pansi pamene pamwamba ponse pakunyezimira bwinobwino. Aluminiyamu naye amadalira khungu lotere. Tengani poto wakale amene ndiwo zamchere zakhala zikugonamo, mumutsuke n'kumupenyetsetsa pansi pake: muona timadontho takuda tokumbika, ndipo mukamuloza kudzuwa mwina kuwala kudutsa pa kamodzi mwa ito, kamene singano ingalowe movutikira. Masupuni oiwalidwa m'madzi a bulitchi amachita chimodzimodzi.

Mankhwala ake alipo, ngakhale amakweza mtengo. Chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316 amachithira molibidenamu wokwana magawo 2 mpaka 3 pa 100 alionse, amene mu mtundu wa 304 sathiramo, ndipo chimapirira klorini kwambiri. Amene mukuwotcheretsa thanki kapena sinki kwa amisiri a ku Ndirande, ngati mudzasungiramo madzi amchere kapena a klorini wambiri, funsani nambala ya chitsulocho musanalipire.